Mpando wa Phungu Ndi wa Yani? Mbiri ya Zisankho m'Madera a Salima

(Kanyimbo kotsegulira, katsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA:  Amayi amene mukuyanika usipa pa thandala, abambo amene mukusoka ukonde pansi pa mtengo, sendezani wailesiyo pafupi. Lero tikamba za mpando wa phungu wa ku Nyumba ya Malamulo kuno ku Salima: unachokera kuti, akhalapo ndani, ndipo mwini wake ndani.

Kampeni ikatentha timamva anthu akuti, "Dera lino ndi kuchipinda kwa chipani chakuti," ena nkumati, "Mpando uwu ndi wa auje, palibe angawasunthe." Ine mawu amenewa amandipweteka, chifukwa mbiri imene ndikufotokozereni ikuonetsa kuti mpandowu unatenga zaka zambiri kuti ufike m'manja mwa munthu wamba, ndipo mpaka lero sunafike wonse.

Tiyambe ndi nthawi ya atsamunda. Bwalo lopanga malamulo la Nyasaland linakhazikitsidwa mu 1907 ku Zomba, ndipo munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Zofuna za makolo athu ankazilankhula ndi mmishonale wachizungu wosankhidwa ndi Bwanamkubwa. Njanji inafika ku Salima mu 1935, thonje la alimi a m'chigwa chino linkakwera sitima, msonkho unkadulidwa chaka ndi chaka, koma wolima thonjeyo analibe womuyimira amene anamusankha yekha. Anthu akuda oyamba analowa m'bwalolo mu 1949, nawonso mochita kuikidwa. Mu 1956 analowa asanu, pakati pawo Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, koma anawasankha ndi makhonsolo a m'zigawo, osati anthu pamzere.

Chisankho choyamba chimene anthu anaima pamzere chinachitika pa 15 Ogasiti 1961. Apanso si aliyense anavota. Kunali akaundula awiri, wapamwamba ndi wamunsi, ndipo kuti dzina lako lilembedwe ankayang'ana zinthu monga ndalama zimene umapeza, katundu amene uli naye, ndiponso ngati umadziwa kulemba ndi kuwerenga. M'dziko la anthu pafupifupi 3 miliyoni, olembetsa anangopitirira pang'ono 100,000. Mipando yopikisanirana inali 28 yokha dziko lonse. Chipani cha MCP chinatenga yonse 20 ya m'kaundula wamunsi ndi ina iwiri ya m'kaundula wapamwamba. Taganizani kukula kwa dera limodzi masiku amenewo. Msodzi wa kwa Maganga akanatha kukalamba osaonapo nkhope ya phungu wake.

Mu 1964 lamulo linalola munthu wamkulu aliyense kuvota. Koma chaka chimenecho anthu sanavote, chifukwa onse oyimira MCP anadutsa popanda wopikisana nawo. Dziko linalandira ufulu pa 6 Julaye, mu 1966 linakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya. Zisankho za 1971 ndi 1976 zinadutsanso chimodzimodzi, mayina ankangolengezedwa. Kuchokera 1961 anthu anadzagwiranso pepala lovotera mu 1978, patatha zaka 17.

Achikulire amene mukumvera mukukumbukira mmene zinkayendera. Akuluakulu a chipani pa boma ankakhala pansi nkusankha mayina angapo, mayinawo nkupita kwa Ngwazi kuti akawavomereze, ndipo ofuna uphungu ankayesedwa Chingerezi. Otsalawo ndiye ankabwera kwa inu, onse a chipani chimodzi. Kunena chilungamo, ngakhale m'khola lopanikiza chotero anthu ankaonetsa ndithu maganizo awo: mu 1978 ndi mu 1983 aphungu ambiri okhalapo kale anagwa. Koma phungu ankadziwa bwino lomwe amene anamupatsa mpando, ndipo ankadziwa mtengo wa kulankhula mopitirira. Mu Meyi 1983, chisankho chili pafupi, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza. Phungu aliyense wa nthawi imeneyo, kaya wa ku Salima kaya wa kwina, uthengawo anaumva.

Zinthu zinatembenuka ndi kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992, kumangidwa kwa a Chakufwa Chihana mwezi wotsatira, ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Zizindikiro zinali ziwiri, tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi nyali ya zipani zambiri. Dziko lonse, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, ngakhale m'chigawo chathu chapakati ambiri anakhalabe ndi tambala. Pa 17 Meyi 1994 kunachitika chisankho cha zipani zambiri, mipando 177: UDF inapeza 85, MCP 56, AFORD 36.

(Kanyimbo kakafupi)

Tsopano tifike pakhomo. Kuyambira chisankho cha 1999, pamene mipando ya dziko lonse inakwera kufika 193, Salima inali ndi madera asanu: la kumpoto, la kumpoto chakumadzulo, lapakati, la kummwera, ndi la kummwera chakummawa. Malire amenewa anagwira ntchito pa zisankho zisanu, 1999, 2004, 2009, 2014 ndi 2019.

Anthu akutali akamakamba za chigawo chapakati amangochimanga mtolo umodzi, amati konseko nkwa Kongeresi. Amene amakhala m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti kuno nkosakanikirana. Kuli Achewa, kuli Ayao, kuli Atonga ndi ena ochokera kumpoto amene anatsata nsomba nakhazikika, kuli mzikiti ndi tchalitchi moyang'anana, kuli amalonda obwera ndi kupita. Nchifukwa chake mavoti a kuno sanayende njira imodzi ngati a m'maboma ena a kumtunda, ndipo UDF itabwera inapeza anthu ake ambiri m'mphepete mwa nyanja muno.

Dera limene likutiphunzitsa zambiri ndi la kummwera kwa Salima. Kumeneko dzina limene linamveka zaka zambiri ndi la a Uladi Mussa, amene dziko lonse limawadziwa kuti Chenji Golo. Tamverani bwino mndandanda uwu. Mu 2004 anapambana ali a UDF. Mu 2005, a Bingu wa Mutharika atatuluka mu UDF nkuyambitsa DPP, a Mussa anali mmodzi wa akuluakulu a chipani chatsopanocho. Atasemphana nacho anayambitsa chawo, Maravi People's Party, ndipo mu 2009, chaka chimene DPP inasesa mipando yoposa 110, chipani chawocho chinapeza mpando umodzi wokha dziko lonse, wa iwo eni kummwera kwa Salima. Mu 2014 anapambananso, ulendo uno atavala makaka a PP ya mayi Joyce Banda. Zisankho zitatu zotsatizana, zipani zitatu zosiyana, munthu yemweyo. Apa palibe angatsutse kuti anthu a deralo ankavotera munthu, chizindikiro cha pa pepala chinali kubwera pambuyo.

Chaka chomwecho cha 2014 madera ena awiri anatumiza ku Lilongwe anthu amene anali odziwika kale asanalowe ndale. Kumpoto chakumadzulo kunapambana mayi Jessie Kabwila, amene dziko linawadziwa mu 2011 akutsogolera aphunzitsi a ku Chancellor College pomenyera ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Pakati panapambana a Felix Jumbe, amene anatsogolerapo bungwe la alimi la Farmers Union of Malawi ndipo anapikisana nawo pa utsogoleri wa MCP mu 2013, pamene anapambana a Lazarus Chakwera. Onse awiri analowa pa tikiti ya MCP, ndipo onse awiri zaka zisanu zisanathe anali atasemphana ndi utsogoleri wa chipanicho. Mayi Kabwila anakalowa UTM. A Mussa nawo anachoka ku PP kubwerera ku DPP.

Ndiye kunabwera 21 Meyi 2019. Atatu onsewa, mayina akuluakulu amene ankamveka pa wailesi tsiku ndi tsiku, sanabwerere ku Nyumba ya Malamulo. Kumpoto chakumadzulo mpando unapita kwa a Enoch Phale a MCP. Kummwera, anthu omwe aja anatsata munthu mmodzi kudutsa zipani zitatu anati basi, pano pokha ayi. Aliyense ali ndi kufotokoza kwake chifukwa chimene zinatero, ena amati mphepo ya chipani inali yamphamvu chaka chimenecho, ena amati anthu anatopa. Chimene ine ndikuona nchakuti ovota a ku Salima anaonetsa mbali zonse ziwiri: angathe kukana chipani chifukwa cha munthu, angathenso kukana munthu ngakhale atatchuka chotani. Amene amati dera lino ndi kuchipinda kwake sanawerenge mbiri yake.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa, ndipo ndikufuna achinyamata muchidziwe. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anali ndi gawo 64. Gawo limeneli linkapatsa anthu a m'dera mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe ngati sakuwatumikira. Mu 1995 aphungu omwewo analichotsa. Chida chokhacho chimene wovota anali nacho pakati pa chisankho ndi chisankho chinzake chinalandidwa chisanagwire ndi ntchito yomwe. Linatsala ndi gawo 65, lonena kuti phungu akasiya chipani chimene chinamulowetsa nkukalowa china cha m'Nyumbamo, Sipikala alengeze kuti mpando wake uli pululu. Mukukumbukira mkangano wa 2007 ndi 2008, pamene bajeti ya dziko inkachedwa, otsutsa akuti gawo 65 liyambe, a boma akuti bajeti iyambe, Sipikala a Louis Chimango ali pakati. Khothi lalikulu la apilo linanena mu Juni 2007 kuti gawolo ndi lovomerezeka, komabe aphungu ochuluka amene anasamuka anakhalabe pa mipando yawo mpaka 2009. Kotero phungu angathe kunyamula mavoti anu nkukawatula kumene inu simunamutume, ndipo inu mudikire zaka zisanu. Pempho loti gawo 64 libwerere lakhala likumveka kuyambira nthawi imeneyo, ndipo ine ndili kumbali ya opemphawo.

(Kanyimbo kakafupi)

Omvera, nkhani yoti mpando ndi wa yani si ya kuno kokha. Ku Ireland, dziko limene lili ndi kazembe wake ku Lilongwe, nyumba ya malamulo yakale inali ndi aphungu 300, ndipo ambiri ankachokera m'timatauni tokhala ndi ovota owerengeka, amene ankangotsata zonena za mwini malo. Nyumbayo itathetsedwa ndi lamulo la 1800 lolumikiza Ireland ndi Britain, mipando inatsika kufika 100, madera oposa 80 anafafanizidwa, ndipo boma linalipira chipukuta misozi cha mapaundi 15,000 pa dera lililonse. Ndalamazo, pafupifupi zonse, zinapita kwa eni malo aja, chifukwa mpando unkawerengedwa ngati katundu wawo. Lero dziko lomwelo limavota mwanjira ina: dera limodzi limatumiza aphungu atatu, anayi kapena asanu, ndipo wovota amalemba 1 pa amene wamukonda kwambiri, 2 pa wotsatira, 3 pa winayo. Woyamba uja akagwa, voti ija imasamukira kwa wachiwiri, siitayika.

Ife tinatengera njira ya ku Britain, yakuti amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, watenga zonse. Tiyerekeze kuti m'dera mwaima anthu khumi, monga zimachitikira chipulula chikasokonekera ndipo ogwa aja aima paokha. Wina angapambane ndi mavoti 25 pa 100 alionse, kutanthauza kuti anthu 75 sanamufune, koma ndiye phungu wa onse. Khothi litathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, linagamula kuti mtsogoleri wa dziko azipeza mavoti oposa theka. Lamulo limenelo likukhudza pulezidenti yekha, aphungu ndi makhansala akuyendabe njira yakale ija. Palinso china chotsalira cha kale: mpaka lero malamulo amafuna kuti phungu akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo, komanso wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Kuno kunyanja tili ndi anthu amene ayendetsa makomiti a pa doko zaka zambiri, oweruza milandu ya maukonde mwanzeru, odziwa vuto lililonse la dera, koma khomo limenelo kwa iwo ndi lotseka.

Ndikamanena kuti mpando ndi wa anthu, ndimaona tsiku lovota pa sukulu ya pulayimale ya m'mbali mwa nyanja. Mzere umayamba kusanache. Amayi amafika ndi ana kumbuyo, chiphaso atachimanga pa nsonga ya chitenje. Cha m'ma 7 koloko kumatulukira alovi amene agona pa madzi ndi chilimira, maso ali psuu, malaya akununkha utsi wa injini, ena asanalawe ndi phala lomwe. Amaima pamzere womwewo ndi aphunzitsi ndi ashehe ndi eni mabwato amene amawalemba ganyu, ndipo pa tsiku limeneli voti ya mlovi ndi ya bwana wake zimalemera chimodzimodzi. Chala chimanyikidwa mu inki. Kuvota kukatha mabokosi amatsegulidwa pomwepo, nyali zili pa desiki, mamonitala a zipani atazungulira, pepala lililonse likukwezedwa m'mwamba kuti onse alione. Pomaliza onse amasayina pepala la zotsatira. Pepala limenelo ndi limene linagwedeza dziko mu 2019 litapezeka lofufutidwa ndi Tipp-Ex m'malo ambiri, ndipo monitala amene amachoka asanatenge lake wataya ntchito ya tsiku lonse.

Koma si mlovi aliyense amafika pamzerewo. Msodzi amatsata nsomba. Munthu analembetsa ku Senga Bay, tsiku lovota limamupeza ku chilumba cha Mbenji, kumene a Senior Chief Makanjira amatsegulira usodzi cha mu Epulo, kapena ali ku Nkhotakota. Voti imaponyedwa kumene unalembetsa, pokhapokha utasamutsa dzina pa nthawi imene bungwe loyendetsa zisankho la MEC lapereka. Ambiri nthawi imeneyo imawadutsa ali pa madzi. Eni zipangizo za usodzi, inu mungathandize pamenepa: nthawi ya kalembera ndi ya kusamutsa mayina ikalengezedwa, apatseni anyamata anu tsiku limodzi.

Titsirize ndi malire, chifukwa dera si phiri kapena mtsinje woti unalengedwa. Amalijambula ndi anthu, ndipo limabadwa, limakula, limafa. Onani mmene chiwerengero chayendera: mipando 87 mu 1978, 141 mu 1992, 177 mu 1994, 193 mu 1999. Kenako kwa zaka zoposa 20 malire anangokhala osakhudzidwa pamene anthu akuchuluka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 470,000 m'boma la Salima. Mukagawa ndi madera asanu aja, phungu mmodzi ankayimira anthu oposa 90,000, pamene chilumba cha Likoma, cha anthu osakwana 15,000, chinali ndi phungu wake. Likoma ili ndi chifukwa chake chomveka, ili pakati pa madzi, koma kusiyana kotereku kunaliponso pakati pa madera a kumtunda okhaokha. Voti ya munthu wa m'dera lodzaza inkapepuka poyerekeza ndi ya mnzake.

Mu 2021 ndi 2022 bungwe la MEC, pansi pa Justice Chifundo Kachale, linaunikanso malire m'dziko lonse, ndipo Nyumba ya Malamulo inavomereza madera 229 ndi mawodi a makhansala 509 m'malo mwa 462. Awa ndiwo anagwira ntchito pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025. Malire ambiri anasuntha, mayina atsopano anabadwa, ena akale anatha, ndipo pali midzi imene inavotera pa sukulu yomwe ija koma ili m'dera lina. Gawo 76 la malamulo aakulu limati MEC iyesetse kuti madera akhale ndi ovota ofanana chiwerengero, poganiziranso kuthithikana kwa anthu, mayendedwe, mapiri ndi mitsinje, ndi malire a maboma ndi a mafumu amene alipo kale. Aphungu ntchito yawo ndi kuvomereza, saloledwa kusuntha mzere paokha.

Ntchito imeneyi ikamachitika, a MEC amayenda m'maboma kukumana ndi makhonsolo, mafumu, zipani ndi mabungwe. Nthawi zambiri m'misonkhano yotere mumadzaza andale, amene maso awo amakhala pa midzi imene imawavotera ndi imene siwavotera. Anthu wamba timamva zitatha. Ulendo wina malire akadzaunikidwanso, a komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya m'dera, a komiti ya pa doko, amayi a m'magulu a banki m'khonde, pitani kwa a gulupu ndi kwa a T/A msonkhano usanachitike, mukawapatse mafunso oti akafunse. Kodi mzerewu sukudula pakati anthu a mfumu imodzi? Linthipe kapena Lifidzi akadzaza mu Febuluwale, phungu adzatha kuwoloka kudzationa, kapena tidzakhala mbali imene safikako? Doko lathu ndi msika umene timagulitsako nsomba zili m'dera limodzi? Nanga ovota m'dera lathu ndi angati poyerekeza ndi loyandikana nalo? Manambala amenewo MEC imakhala nawo, ndipo muli ndi ufulu wowapempha ku ofesi ya zisankho ya pa khonsolo.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi, tidzakamba za makhansala ndi mawodi, ndi chifukwa chake dziko lino linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014. 

(Kanyimbo kotsekera)